Daniel Kachamba: mwana wa paulendo amene adalowetsa jazi ya kwathu m'zipinda za ku Ulaya

Mawu oti jazi ali ndi matanthauzo awiri kwa ife amene tidachoka kumudzi. Kuno ku London, jazi ndi kachipinda kothina, mwina kunsi kwa nyumba ku Soho, mwina pansi pa mlatho wa sitima ngati ija timadutsa ku Peckham Rye. Mumalowa anthu owerengeka, magetsi amakhala achizimezime, woyimba wachikulire amakhala pampando ndi gitala yake, ndipo ukangotsokomola onse amakucheukira. Kwathu, jazi bandi adali anyamata osavala nsapato, a banjo ya chigubu ndi ng'oma ya chikopa cha mbuzi, oyimba pamsika kapena pamowa, anthu n'kumaponya makobili m'mbale.

Ziwirizi zimaoneka ngati sizingakumane. Koma padali mkulu wina wa ku Chileka amene adazikumanitsa. Adanyamula jazi ya pamsewu ija osaisintha, n'kukaiyimba pamaso pa akatswiri a jazi a ku Ulaya, iwo n'kukhala chete kumvetsera. Ameneyu ndi malemu Daniel James Kachamba, amene Amalawi tidamuzolowera ndi dzina loti Dr Daniel Kachamba. Adatisiya mu 1987, ndipo ana athu ambiri obadwira kuno sadamvepo ndi dzina lake lomwe. Chonsecho mbiri yake ndi yathu ndithu, pakuti luso lake lidakulira paulendo wosaka ntchito kudziko la eni.

Adabadwa m'masiku a Wenela ndi Mthandizi

Daniel adabadwira ku Limbe mu 1947, dziko lathu likadali Nyasaland. Akuluakulu amakumbukira bwino momwe zinthu zidalili. Boma la atsamunda linkafuna msonkho, ndipo msonkhowo unkafuna ndalama osati chimanga. Kumwera kuja, malo abwino ambiri a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adali m'manja mwa eni maesiteti, ndipo wokhala pamalowo ankalipira ndi thukuta lake pa thangata. Ndiye mwamuna atani? Ena ankalembetsa Wenela kupita kumigodi ya ku Joni. Ena ankatengedwa ndi Mthandizi kukalima fodya m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Enanso ankangodziyendera paokha, kuja ankati selufu. Amene adapita osabwerera tidawatcha matchona.

Bambo ake a Daniel, a James Kachamba, adali munthu wa gitala, ndipo mwanayu adayamba kuona zala zikuyenda pa nsambo pakhomo pawo pomwe. Mu 1957 banjali lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero timati Harare. Daniel adali ndi zaka 10, mng'ono wake Donald akadali kamwana. Idali nthawi ya Chitaganya, pamene Nyasaland adaimanga mtolo umodzi ndi ma Rhodesia awiri kuyambira 1953. Chuma ndi mafakitale zidali ku Salisbury, manja ogwira ntchito ankachokera kwathu. M'malokeshoni monga Harari, kumene lero ndi Mbare, ndi ku Highfield, a kwathu adali mbwee, mpaka eni dziko adatipatsa dzina loti Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre.

Taganizani za mwana wa zaka 10 m'tauni yachilendo, anzake akuyankhula Chishona, makolo ali kalikiliki kusaka ya ufa ndi ya lendi. Ife a ku Peckham izi sitichita kuuzidwa. Mwana wotere amaphunzira msanga za mumsewu kuposa za m'kalasi. Ndipo m'misewu ya Salisbury zaka zimenezo munkalira chinthu chimodzi: kwela.

Kachitoliro ka malata

Kwela idabadwira m'malokeshoni a Johannesburg. Anyamata osauka a ku Alexandra ndi madera ena ankaonera mafilimu a ku America, ankamva mabandi akuluakulu a jazi pa galamafoni, koma saxophone akadaitenga kuti? Adagula kachitoliro ka malata ka mabowo 6, kotchipa, kogulitsidwa ngati chidole cha ana. Adapeza njira yawoyawo yokayimbira: kukalowetsa mkati mwenimweni mwa kamwa mopendeketsa, kuti mawu ake anenepe ndi kupindika ngati a lipenga la jazi. Mawu oti kwela ndi omwe aja athu oti kwera, ndipo galimoto za apolisi zimene zinkatola anthu m'misewu ankazitcha kwela-kwela. Spokes Mashiyane adayamba kujambula zimbale mu 1954, kenaka kudabwera ena monga Lemmy Mabaso, ndipo zimbale zawo zidayenda m'masutikesi a anthu a kumigodi mpaka ku Bulawayo, Salisbury, Lusaka ndi Blantyre.

Nyimbo zimenezi zidafikanso kuno, abale. Mu 1958, chaka chimodzi Daniel atafika ku Salisbury, nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig Zag Jive Flutes, idakwera mpaka pa nambala 2 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain kuno. Mpaka lero ochemerera mpira m'mabwalo a ku England amayimba kayimbidwe kake, ambiri osadziwa kuti kadachokera kwa anyamata a ku Alexandra. Zimbale zidagulidwa zochuluka, koma anyamata oliza zitolirowo sadalemere nazo. Mfundo imeneyi tiisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Pali chinanso chimene chimatigwira mtima ife odziwa ntchito ya m'munda. Bandi ya kwela inkakhala ndi besi ya chingwe chimodzi: bokosi la matabwa opyapyala, lija lonyamulira tiyi, ndodo, ndi chingwe. M'zaka zomwezo anyamata a ku London ndi ku Liverpool adali pakalapakala ndi nyimbo zawo zotchedwa skiffle, zimene adatchukitsa Lonnie Donegan, ndipo besi yawo idalinso bokosi la tiyi. Ngakhale kagulu koyamba ka John Lennon kadali nalo. Tiyi wothyoledwa ndi amayi a ku Mulanje ndi Thyolo ankabwera kudzagulitsidwa pamsika wa ku Mincing Lane muno mu London m'mabokosi oterowo. Tiyi ankamwedwa, bokosi lopanda kanthu n'kutsalira ana a amphawi, uku ndi uko, ndipo onse adaliyimbitsa.

Daniel adamwa zonsezi ali ku Salisbury. Adamva kwela, adamva sinjonjo ndi saba-saba, adamva magitala a ku Congo ndi ku East Africa pa wayilesi ndi pa galamafoni. Donald, pausinkhu woti anzake akusewera fulaye ndi mpira wachikulunga, adali atayamba kale kuliza chitoliro. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Kubwerera kumudzi ndi katundu wosaoneka

Mu 1961 banjali lidabwerera kwathu, n'kukhazikika m'mudzi wa Singano, kwa Mfumu Kuntaja, pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Obwerera ambiri ankafika ndi njinga, bulangete, galamafoni kapena makina osokera. Ana a Kachamba adafika ndi katundu wosalipitsa kasitomu, wokhala m'mutu ndi m'zala.

Adayambitsa bandi yawo ya Kachamba Brothers. Daniel ndiye adali mtsogoleri, wa gitala, wopeka nyimbo ndi woyimba. Donald adali wa chitoliro. Anyamata ena apachibale ndi apamudzi ankagwira besi ya chingwe chimodzi ndi maseche. Malo awo oyimbira adali misewu ya Blantyre ndi Limbe, m'makonde a sitolo, m'malo omwera mowa, pamaukwati ndi pazisangalalo za m'midzi. Malipiro adali zimene omvera aponya. Dziko lidalandira ufulu pa 6 July 1964, wayilesi ya MBC idayamba chaka chomwecho, koma moyo wa woyimba wa pamsewu udali womwe uja: ukayimba udya, ukadwala ugona ndi njala.

Chodabwitsa n'chakuti ku Joni komweko kwela idali itayamba kuzirala. Makampani a zimbale adatembenukira ku saxophone ndi magitala amagetsi, n'kubwera mbaqanga ndi simanje-manje. Koma ku Chileka magetsi adali kutali, ndipo anyamata a Kachamba adasunga chitoliro chija, n'kuchikulitsa. Nyimbo zatsopano za magetsizo ankazimva, n'kuzitembenuzira pa zida zawo zosalira magetsi. Motero kwela imene eni ake adaitaya idapeza mudzi wina kwathu, n'kuyamba kuyankhula Chichewa.

Sadali okha. M'zaka zotsatira, kumwera konse kudadzaza timabandi ta zida zopanga tokha, ndipo pafupifupi tonse tinkadzitcha jazi bandi. Ambirife timakumbukira Allan Namoko wa ku Thyolo, woyimba wosaona uja, ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band. Dzina loti jazi silidali lobwereka mwachisawawa. Anyamatawa ankadziwa kuti akuchita zomwe amachita a jazi kulikonse: nyimbo imazungulira pa makiyi ochepa omwe omwewo, koma wa chitoliro kapena wa gitala amayendapo mwa iye yekha, lero mwina, mawa mwina.

Mlendo wa ku Vienna

Mu 1967 mu Blantyre mudafika mzungu wa ku Austria, Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo za mu Africa. Uyu sadali mlendo wongojambula zithunzi. Kwawo ku Vienna adali woyimba jazi, woliza clarinet, ndipo adali atayenda kale mayiko ambiri a mu Africa ndi makina ake ojambulira mawu. Atakumana ndi anyamata a Kachamba akuyimba mumsewu, khutu lake la jazi lidazindikira msanga kuti apa pali zenizeni. Adawajambula mawu, adawajambula filimu, adakacheza kumudzi kwawo, ndipo ubale umene udayamba chaka chimenecho udakhala wa moyo wonse. Daniel adali ndi zaka 20.

Chaka chomwecho cha 1967, kuno ku London, oyimba a ku South Africa othawa tsankho, Gwigwi Mrwebi, Dudu Pukwana ndi Chris McGregor, adajambula chimbale chotchedwa Kwela. Pukwana ndi McGregor adali a gulu la Blue Notes, limene lidatuluka m'dziko lawo mu 1964 n'kufika ku London mu 1965, ndipo ankayimba m'kachipinda kakale ka Ronnie Scott ku Gerrard Street. Ndiye kuti nyimbo imodzimodzi inkalira mbali ziwiri nthawi imodzi: m'chipinda chapansi ku Soho, ndi pafumbi la ku Chileka. Onse oiyimba adali anthu amene ulendo udawaumba.

Zala zake zinkatani?

Tinene pang'ono za kayimbidwe kake, poti ndi pamene pagona dzina la udokotala lija. Poyimba ndi bandi, Daniel ankachotsa nsambo imodzi pa gitala, kutsala zisanu, ndipo ankaikwapula mwamphamvu kuti igwire ntchito ya gitala ndi ya ng'oma pamodzi. Poyimba yekha ndiye padali zodabwitsa. Chala chachikulu chinkayenda pa nsambo zokhuthala kuyimba besi, chala chamkombaphala chili pa nsambo zazing'ono kuyimba nyimbo ina, pakamwa pakutuluka yachitatu. Womvera pa wayilesi ankalumbira kuti akuyimba ndi anthu awiri kapena atatu.

Sankamanga gitala njira imodzi yokha ngati ya m'buku. Adali ndi njira zingapo zokungira nsambo, iliyonse ndi dzina lake ndi nyimbo zake. Ankadziwa hauyani, kuja woyimba amagoneka gitala n'kumatsetsereza botolo kapena mpeni pa nsambo kuti ilire ngati munthu. Ankayimba sinjonjo, twisiti, simanje-manje, ndi lumba, imene ndi rumba ya ku Congo itadutsa m'kamwa mwathu, monga mumvera m'nyimbo yake ya Dolosina Lumba. Zonsezi sadaziphunzire ku koleji ya nyimbo. Adaziphunzira kwa bambo ake, mumsewu, ndi pa galamafoni.

Nanga mawu a nyimbo zake? Ankapeka yekha, ndipo ankayimba za anthu amene ankawaona: chikondi ndi kukanidwa, mabanja osokonekera m'tauni, mabodza ndi miseche ya pamudzi, umphawi, imfa. Adafika popeka nyimbo yonena za maliro ake omwe iye akadali moyo. Tisaiwale kuti idali nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1971 Dr Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Woyimba aliyense ankayesa kaye mawu ake asadawatulutse. Nkhani za m'nyumba ndi za pamudzi ndi zimene zidatsala poyera, ndipo m'menemo ndi momwe anthu wamba ankadzimvera okha.

M'zipinda zazing'ono za ku Ulaya

Mu 1972 Daniel ndi Donald adakwera ndege kupita ku Ulaya, kumene adakayimba ku Austria ndi ku Germany. Omvera awo sadali khamu la pabwalo la mpira ayi. Adali anthu okonda jazi, ophunzira ndi aphunzitsi a nyimbo, okhala m'zipinda zoti wakumbuyo amaona zala za woyimba.

Apa pali phunziro. Nyimbo za Kachamba zidapangidwira pafupi. Gitala yopanda magetsi ndi kachitoliro ka malata sizilimbana ndi zimkuzamawu. Pamsika wa Limbe anthu ankachita kuzungulira oyimbawo, kuyandikira mpaka kumva kupuma kwa wa chitoliro ndi kukhuluza kwa chala pa nsambo. Kachipinda ka jazi ka ku Ulaya, ukakaonetsetsa, ndi bwalo lomwe lija, kungoti alifolera denga n'kuikamo mipando. N'chifukwa chake Daniel sadafunike kusintha kanthu kuti amveke kumeneko. Kusiyana kudali kumodzi: kwathu anthu ankavina fumbi koboo, kuja ankakhala duu, maso ali pa zala, n'kuomba m'manja nyimbo ikatha.

Ndipo omverawo adamvamo zimene ankazidziwa. Mizu ya jazi idachoka ku Africa ndi akapolo, idakulira ku America, idabwerera ku Johannesburg pa zimbale ndi mafilimu, idakwera sitima ndi malole mpaka ku Salisbury, idafika ku Chileka m'mutu mwa ana awiri, tsopano idali itaima pamaso pawo ikuyimba Chichewa. Akatswiri a ku Göttingen ku Germany adajambula mafilimu oonetsa Daniel akuyimba yekha gitala, n'kuwasunga m'nkhokwe yawo ya mafilimu a sayansi yotchedwa Encyclopaedia Cinematographica. Mu 1974 buku la Kubik lonena za bandi ya Kachamba Brothers lidatuluka m'Chingerezi kudzera ku University of Zambia. Mu 1976 magazini ya kafukufuku wa jazi ya ku Austria idasindikiza nkhani yofotokoza kayimbidwe ka gitala ka Daniel. Mnyamata wa m'makonde a sitolo adasanduka phunziro la ku yunivesite.

Kutchuka sikudya

Atabwerera kumudzi, dzina lidakula. MBC inkaulutsa nyimbo zake, ndipo poti wayilesi idali imodzi yokha m'dziko lonse, mawu ake adafika ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Koma tiyeni tiwerengere limodzi, monga timachitira tikalandira pepala la malipiro kumapeto kwa sabata. Kwathu kudalibe makampani akuluakulu a zimbale ngati a ku Johannesburg kapena Nairobi. Oyimba ambiri ankajambulira ku wayilesi komweko, tepi n'kutsala m'kabati ya wayilesi. Lamulo latsopano loteteza umwini wa luso lidabwera mu 1989. Bungwe lotolera ndalama za oyimba, COSOMA, lidayamba mu 1992. Daniel adali atagona kale m'manda. Zaka zonse zimene dziko linkadzuka ndi kugona ndi nyimbo zake, padalibe bungwe la oyimba lowerengera kuti yaulutsidwa kangati ndipo mwini wake alandire zingati.

Izi ndi zomwe zija zidawaonekera anyamata a Tom Hark, ndipo ndi zomwe zimamuonekera aliyense wogwira ntchito ndi manja popanda pepala lomuteteza. Wothyola tiyi, wothyola zipatso m'minda ya ku Kent, wosamalira okalamba usiku, woliza gitala: chipatso cha ntchito chimayenda ulendo wautali, mwini ntchito n'kutsala pomwe adali.

Palinso china chowawa. Wayilesi ya kanema idafika ku Malawi mu 1999. Ndiye kuti mafilimu aja oonetsa zala za Daniel ankaonedwa ndi ophunzira a ku Germany, pamene Amalawi ochuluka amene ankamukonda adangomumva, osamuonapo akuyimba. Sitikudandaula kuti alendo adajambula. Akadapanda kutero bwenzi lero tilibe choonetsa ana. Mlendo ndiye adadza ndi kalumo kakuthwa. Funso lili kwa ife eni ake: tidali kuti, ndipo lero tili kuti?

M'zaka za m'ma 1970 abale awiriwa adayamba kuyenda njira zosiyana. Donald adakhazikitsa bandi yake ya kwela, Kubik n'kulowamo ngati mmodzi wa oyimba. Daniel adapitiriza yekha ndi anyamata ake, akupeka nyimbo ndi kuyimba m'matauni ndi m'midzi ya kwathu. Pofika m'ma 1980 adali kale chiphona, munthu woti wakhala pa gitala zaka zoposa 20, achinyamata akumutcha mdala ngakhale adali asadakalambe. Adamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Zimene zidatsala

Donald adanyamula ntchitoyo zaka zina 13. Adayimba m'mayiko oposa 30, ku Africa, ku Ulaya ndi ku America, kawirikawiri m'malo ang'onoang'ono omwe aja: timakalabu ta jazi, maholo a sukulu, nyumba za chikhalidwe. Chakumapeto kwa 1999 adaitanidwa kukaphunzitsa kwela ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, ndipo ophunzira a ku America adaphunzira kuliza chitoliro monga amalizira ku Singano. Adamwalira mu January 2001. Anzake, kuphatikizapo Moya Aliya Malamusi ndi Kubik yemwe, adapitiriza gululo ndi dzina loti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazzband. Kumudzi komweko ku Chileka, a Malamusi adatsogolera ntchito yojambula ndi kusunga nyimbo, nthano ndi zida zoyimbira za makolo. Ku Berlin, mu 1989, kudatuluka zimbale za oyimba opeka okha a kumwera kwa Malawi pansi pa mutu woti Opeka Nyimbo.

Taonani pamene pali chuma chimenechi: Vienna, Berlin, Göttingen. Kwa wa ku Ndirande ndi kutali. Kwa ife okhala ku Peckham, Lewisham kapena Croydon ndi ulendo wa maola ochepa chabe. Ndipo masiku ano zina mwa nyimbo ndi mafilimu ake zili pa YouTube, m'foni yomweyo imene timatumizira ndalama kumudzi. Palibenso chonamizira.

Mbiri ya Daniel ikutiuza chiyani ife olera ana kunja? Ambirife timada nkhawa tikamva zimene ana athu amamvera m'basi ya 12 kapena 36: grime, drill, Afrobeats za anzawo a ku Nigeria amene adzaza Rye Lane. Timati mwana watayika. Koma kumbukirani kuti kwa makolo a mu 1957, kwela idalinso nyimbo ya anyamata osamva a m'tauni, ya pakona pamene amaseweretsa njuga. Daniel adaitola mumsewu wa dziko la eni. Chimene chidamupulumutsa kuti asangokhala wotsanzira n'chakuti kunyumba kudali gitala ya bambo ake ndi chiyankhulo cha mayi ake. Zamumsewu zitakumana ndi zakunyumba, padabadwa chinthu chatsopano chimene Joni idalibe, Salisbury idalibe, Vienna idalibe. Mwana amene wangomva zamumsewu zokha adzayimba ngati wina aliyense. Amene wamva zonse ziwiri ndiye adzakhale ndi mawu akeake.

Ndiye ntchito yathu si kutseka makutu a ana. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti m'nyumba mukulira kanthu ka kwathu. Loweruka pophika nsima, m'malo mongosiya kanema akulongolola, tiikeko Kachamba, tiikeko Namoko, mwana afunse kuti akuti chiyani ameneyu, ife timumasulire. Amene ali ndi mwana wophunzira gitala kusukulu, amuonetse zala za Daniel, amufunse ngati angathe kuyimba mawu awiri nthawi imodzi ndi zala ziwiri. Muona momwe akhalire chete.

Chachiwiri ndi cha m'thumba. Oyimba a kwathu amabwera kuno nthawi ndi nthawi, ena achikulire ndithu, ndipo si onse amene amadzaza maholo akuluakulu. Ena amayimba m'kachipinda ka anthu ochepa, pamwamba pa bala kapena m'holo ya tchalitchi. Chizolowezi chathu timachidziwa: kufika mochedwa, kupempha kulowa ulere poti ndife a kumudzi limodzi, kenaka kucheza mokweza kumbuyo woyimba ali pakati pa nyimbo, foni ili m'mwamba kujambula zoti tikagawane pa WhatsApp osalipira kanthu. Azungu a ku Austria adakhala chete kumvera mwana wa ku Singano. Ife tilephera bwanji? Tikiti imene tigula ndi malipiro a munthu wantchito, chimodzimodzi athu aja timalimbira kuti asatidule. Tigule, tifike nthawi yabwino, timvetsere, ndipo ikafika yovina tivine monga a kwathu.

Daniel Kachamba sadasiye nyumba zosanja kapena maesiteti. Adasiya nyimbo zimene adazitola paulendo wa makolo ake, n'kuziphika ndi moto wa kwathu mpaka dziko lakutali lidamva fungo. Ifenso tili paulendo womwewo, kungoti Mthandizi wa lero amabwera ndi viza. Tsiku lina ana athu adzatsika ndege pa Chileka kapena pa Lumbadzi. Masutikesi adzakhala odzaza, zimenezo sitikukayika. Za katundu winayo, wosalipitsa kasitomu uja, zikuyambira m'nyumba zathu lero.